Za chilonda cha bambo chomwe chikukana kupola

Achemwali, mwati bambo ali ndi chilonda pamwendo mwezi wachinayi uno, amwa amoxicillin maulendo awiri koma mafinya sakutha, ndiye mukufunsa ngati mungatsegule kapisozi n'kuwaza ufawo pachilondapo. Chonde musatero. Ine ndinadwazikapo azakhali anga ku Chinamwali ndi vuto lomweli, ndipo ndalama zinathera m'makapisozi ogula pagolosale, chilonda chili chomwecho.

Mukudziwa mmene miyala ya mu Likangala imaterera ndi ndere? Kapena ndowa ya madzi ikakhala masiku osatsukidwa, mukapisa chala m'katimo mumamva kuterera. Mabakiteriya a pachilonda chokhalitsa amachitanso chimodzimodzi. Amaunjikana n'kudzikuta ndi zonanda zomwe apanga okha, zimene madokotala amati biofilm. Ali m'menemo, ambiri amangokhala ngati agona, pomwe mankhwala ngati amoxicillin amapha bwino tizilombo tomwe tikuswana. N'chifukwa chake amatha kupirira mankhwala ochuluka ka 100, mwinanso ka 1,000, kuposa omwe akanawapha ali poyera. Opezeka kawirikawiri ndi Staphylococcus aureus ndi Pseudomonas aeruginosa. Wachiwiriyu ndi uja amasiya bandeji itabiriwira, ndi kafungo kakekake. Ufa wa kapisozi sungawathe mabakiteriya amenewa, umangothandiza kuti tizilombo tizolowere mankhwala.

Ndowa yoterera simungoitsukuluza, mumaikwecha. Kuchipatala nakonso amachotsa mnofu wakufa ndi zonandazo, kutsuka ndi madzi a mchere a kuchipatala otchedwa saline, nthawi zina kupaka ayodini, kenako kumanga. Zimawawa ndithu. Ndikukumbukira azakhali ataluma nsonga ya chitenje, dzanja lawo litandifinya mkono, anamwino akupala mpaka pakaoneka mnofu wofiira. Koma sabata yachitatu m'mbali mwa chilonda munayamba kumera khungu. Biofilm imatha kubwereranso pasanathe masiku atatu, choncho tsiku lokatsukitsa musalumphe, ngakhale ya kabaza ivute.

Mankhwala akumwa kapena jakisoni ali ndi nthawi yake, makamaka matenda akayamba kulowerera m'thupi, koma asankhe ndi adokotala. Pitani nawo ku Zomba Central, mufunse ngati angatengeko mafinya kukayeza ku labu. Apemphenso kuyezedwa shuga ndi HIV. Azakhali anapezeka ndi shuga, ndipo shugayo ndi amene ankachedwetsa zonse.

Bambo akatentha thupi, kutupa kukamakwera mwendo, kapena khungu lozungulira chilonda likayamba kuda, musadikire kuti kuche.