Tochi yolembedwa "2 m": kodi ikagwa ipulumukadi?

Funso: Akonzi, pa mabokosi a matochi pamakhala kachithunzi ka tochi ikugwa, pambali pake atalemba 1 m, pena 2 m. Kodi nambala imeneyi amaipeza bwanji? Nanga ndi yoti munthu n'kuidalira posankha tochi yogwirira ntchito?

Yankho: Kachithunzi mukunenako n'kochokera mu muyezo wa ku America wotchedwa FL1, womwe unakhazikitsidwa mu 2009 kudzera m'mabungwe a ANSI (loona za miyezo) ndi NEMA (la makampani opanga zipangizo zamagetsi). Masiku ano umayang'aniridwa ndi PLATO, bungwe la makampani opanga matochi.

Kayesedwe kake n'kosavuta. Tochi amaiika mabatire ndi zonse zimene imayenda nazo, monga chingwe cha padzanja, n'kuizimitsa. Kenako amaitaya pa konkire wouma kasanu ndi kamodzi, ulendo uliwonse itayang'ana kwina: mutu pansi, kumchira pansi, ndi mbali zinayi za thupi lake. Saiponya ayi, amangoisiya kuti igwe yokha. Kuti ipambane, iyenera kuyaka ndi kusintha kawalidwe monga kale, popanda mng'alu kapena pothyoka pooneka ndi maso. Kukalika ndi kusupuka utoto sakuwerengera. Ngati chivindikiro chafwamphuka koma n'kubwezeretseka ndi manja popanda chida, tochiyo yapambanabe. Msinkhu woyambira ndi mita imodzi, ndipo kupitirira apo nambala amaitsitsira ku mita yathunthu: yopirira pa mamita 1.8 amailemba 1 m.

Koma dziwani kuti muyezowu ngwosakakamiza, ndipo kawirikawiri kampani imayesa yokha katundu wake. Nambala yopanda dzina la FL1 pafupi, pa tochi yosadziwika woipanga, musaiike kumtima. Ena amalemba MIL-STD-810, muyezo wa asilikali a ku America umene uli ndi mayeso ogwetsa chinthu ka 26 kuchokera pa masentimita 122. Buku la muyezo wa asilikaliwu lili ndi mayeso ambirimbiri, a kutentha, fumbi ndi kugwedezeka, choncho dzina lokhalo silikuuzani kuti tochiyo anaigwetsadi.

Nambalayi ili ndi ntchito, makamaka poyerekeza matochi a makampani odalirika. Chinthu chogwa kuchokera pa mita imodzi chimafika pansi pa liwiro la makilomita pafupifupi 16 pa ola. Pa mamita awiri ndi pafupifupi 23, ndipo mphamvu yomenyera pansi imawirikiza kawiri. Kulemera nako kumawirikiza chimodzimodzi, n'chifukwa chake katochi kam'thumba kamapulumuka pamene chitochi cha mabatire anayi chimasweka. Mita imodzi ndi msinkhu wa m'chiuno kapena pathebulo lalitali. Wogwira ntchito pamakwerero, kapena wovala tochi ya pamutu, ayambire pa 2 m.

Chomwe nambala sinena ndi chimene chimachitika m'kati, ndipo apa ndi pamene matochi ambiri amafera. Babu ya LED ilibe kawaya kopyapyala konga ka mababu akale, motero siyoyamba kufa. Chigawenga chachikulu ndi batire. Batire ya 18650, yochajidwa ya mtundu wa lithium-ion, imalemera magalamu 45 mpaka 50, ndipo thupi la tochi likaima mwadzidzidzi pa konkire, iyo imapitirirabe ulendo n'kukamenya kabolodi ka zamagetsi kumutu ngati nyundo. Pamenepo malo owotcherera amang'aluka, kapena kachipangizo kena kamathothoka. Tochi ikhoza kuyaka lero, mawa n'kuyamba kuphethira, mkuja n'kuzimiratu. Kugwa kasanu ndi kamodzi kwa tochi yatsopano sikungaulule kufooka kobwera pang'onopang'ono kotere. Komanso pansi poyesera ndi posalala, pamene kuntchito tochi imagwera pa nsonga ya mwala kapena pa chitsulo, mphamvu yonse n'kuthera pa kadontho kamodzi ka galasi.

Choncho musanagule, tsegulani kumchira musuzumire. Yabwino imakhala ndi sipuling'i mbali zonse ziwiri za batire, osati kumchira kokha. Igwedezeni: batire isamagogode. Mkombero wa kumutu utuluke kuposa galasi, ndipo swichi ya kumchira ikhale yobisala pang'ono m'mphepete mwake. Makampani ena amathira guluu wapadera wokuta kabolodi konse kuti pasakhale chogwedera. Akatchula zimenezi, n'zamtengo wapatali kuposa mita imodzi yowonjezera pa bokosi. Galasi la pulasitiki limakalika msanga koma silisweka wamba. Thupi la aluminiyamu limapindika, ndipo likapindikira pa mazinga chivindikiro chimakana kutseguka, pamene la pulasitiki wolimba kapena lokutidwa ndi labala limameza kugundako.

Tochi ikagwa mwamphamvu, tulutsani batire muiyang'ane bwino. Ya lithium-ion yomwe yapindika, yaphwatalala kumutu kapena yang'ambika chikutiro musaichajenso, chifukwa ikhoza kutentha mpaka kuyaka moto. Onaninso timphete ta labala totchinga madzi ndi m'mbali mwa galasi: kamng'alu kosaoneka bwino n'kokwanira kulowetsa madzi m'tochi imene dzulo inkapirira mvula.