Mzungu akakuuzani kuti "don't be so cynical" ndiye kuti wati chani?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mlongo wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku Britain. Akuti mabwana analengeza kuti aliyense alandira vawucha ya Khirisimasi, iye nkuyankhula pamaso pa anzake kuti awa akungotitseka pakamwa kuti tisadandaule za mashifiti a Disembala. Mnzake wachizungu nkumuuza kuti "don't be so cynical". Nde akufunsa ngati cynical ndi chimodzimodzi ndi sceptical kapena pessimistic, poti dikishonale ya pafoni yangomuzunguza mutu.

Achemwali, sizofanana ayi, ngakhale azungu eni ake amazisakaniza nthawi zina. Onsewa ndi anthu okayika, koma chomwe akukayikiracho nchosiyana.

Tiyerekeze kuti phungu wabwera kumudzi kwanu kutatsala miyezi itatu kuti tivote, wati akukumbirani mjigo. Munthu wa sceptical afunsa kuti ndalama zake zili kuti, makina okumbira abwera liti, ndikaona madzi akutuluka ndikhulupilira. Ndi uja timati Tomasi Didimo. Ukamuonetsa umboni amasintha maganizo, ndipo mawuwa anachokera ku Chigiriki, skeptikos, kutanthauza wofufuza, nchifukwa chake munthu wasayansi ukamutcha sceptic amamva kukoma. Ku Britain amalemba ndi c, ku America skeptic ndi k. Wa pessimistic yekha alibe nazo za phunguyo, iye angoti olo aukumbe ufa pasanathe chaka, zinthu kuno sizikhalitsa. Maso ake ali pa mathero a nkhani, ndipo pessimus m'Chilatini ndi choipitsitsa.

Tsono cynic uja. Ameneyu mjigo atha kuvomera kuti ukumbidwa, madzi atulukadi, mwinanso ukhala zaka 10, koma akuuzani kuti amene uja sakutikonda, akufuna mavoti basi. Chomwe sakhulupilira ndi mtima wa munthu. Kwa iye palibe amachita chabwino chaulere, wopereka kutchalitchi akufuna aoneke, wokulonjera bwino akufuna ngongole, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ndipo apa ndi pomwe amasiyana kwambiri ndi sceptic, chifukwa cynic olo umubweretsere malisiti onse sasuntha, angoti eya, ochenjera amasunga malisiti. Inu zomwe munanena za vawucha zija zinali zimenezi ndendende, simunati vawucha sibwera, munati opereka ali ndi kampeni kumphasa.

Sarcasm ndi ina, imeneyo ndi kayankhulidwe chabe, kunyogodola. "Eee zikomotu bwana, zaka zisanu zonsezi timadikira inuyo." Cynic amakonda kuyankhula choncho koma si aliyense wonyogodola amene ali cynic.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi komwe mawuwa anachokera. Kynikos m'Chigiriki ndi kunena kuti wonga galu. Linali dzina la gulu la anthu oganiza mozama, wotchuka kwambiri ndi Diogenes wa ku Sinope, tauni ya m'mbali mwa Black Sea komwe lero ndi Turkey, anamwalira cha m'ma 323 Khristu asanabadwe. Mkuluyu ku Athens amagona mu mtsuko waukulu wadothi, ndipo nkhani zakale zimati amayenda ndi nyale dzuwa likuswa mtengo nkumati akufunafuna munthu, akuti anataya ndi chikho chomwe ataona kamwana kakumwa madzi ndi manja. Mfumu Alexander the Great atamufunsa kuti ndikuchitire chani, iye anangoti suntha ukunditchingira dzuwa kkkk. Koma taonani, anthu amenewa amakhulupilira kuti khalidwe labwino liliko ndipo ndi lokhalo lofunika, amakuwa ngati agalu podzudzula chinyengo ndi kukonda chuma. Chingerezi cha lero chinangotola kukuwako, chikhulupiliro chija nkuchisiya panjira.

Pali tanthauzo lachiwiri lomwe ambiri amaliphonya ngakhale timalimva wikendi iliyonse pa mpira. Wolengeza akati "cynical foul" sakunena kuti wosewerayo akukayikira munthu ayi, akunena kuti wachita dala, wawerengera kuti yelo kadi ndiyotchipa kusiyana ndi chigoli. Kumbukirani Luis Suárez wa Uruguay ku Johannesburg mu 2010, World Cup, mphindi yomaliza ya ekisitila taimu, anaugwira ndi manja pa mzere mpira wa Ghana ukulowa. Anapatsidwa redi, Asamoah Gyan nkumenyetsa penate pa bala, Uruguay nkudutsa pa mapenate, mpaka lero mtima umandiwawa. Apa cynical ndi wochitayo, amene waponda chilungamo mwadala chifukwa zimupindulira. Nde nyuzipepala ikalemba kuti "a cynical move by the company" ikutukwana kampaniyo, osati anthu oikayikira.

Mnzanu uja sanakutukwaneni kwenikweni, amangoti musamaganizire anthu zoipa nthawi zonse, ndi kachidzudzulo kopepuka komwe amauzana pa tiyi. Ulendo wina mukangofunsa kuti kodi rota ya mashifiti a Disembala yatuluka tiione kaye, palibe angakutcheni cynical, mwangofunsa umboni. Vawuchayo koma landirani.