Funsani Amakaniko: Injini ya Galimoto Yakale M'nyengo Yotentha

FUNSO: Akuluakulu, ndili ndi MGB, galimoto yakale ya mipando iwiri, imene ndimayendera pakati pa Salima ndi Senga Bay. M'miyezi yozizira geji ya kutentha kwa injini imakhala pa madigiri 82. Chiyambireni Okutobala ikumafika 92, ndipo ndikaima pa Kamuzu Road kapena kukwera mtunda wopita ku Lilongwe imagunda 98. Madzi sakuchepa. Kodi injini ikuwonongeka?
Bambo wa ku Salima

YANKHO: Bambo, mtima ukhale m'malo. Injini ya MGB, monganso magalimoto anzake opangidwa ku Britain pakati pa 1962 ndi 1980, imagwira bwino ntchito madzi akakhala pakati pa madigiri 80 ndi 95. Kufika 98 pamtunda, dzuwa la kunyanja lili pamutu, si matenda. Chimene muziyang'ana ndi ichi: kodi mukamaliza mtunda, kapena mukachoka pampanipani wa makabaza n'kuyamba kuthamanga, kamuvi ka geji kakubwerera pansi m'mphindi zochepa? Ngati kakubwerera ndipo madzi sakuchepa, zonse zili bwino. Kamuvi kongokwerakwera osatsika ndiye koopsa.

Anthu ambiri amachita mantha ndi nambala ya 100 chifukwa amadziwa kuti madzi amawira pamenepo. Kuno ku Salima, pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi a mumphika amawira msangako, cha pa 98. Koma madzi a mu rediyeta ndi otsekeredwa, ndipo chitsekero chimawapanikiza kuti asawire. Chitsekero cholembedwa 7 psi (muyeso wa mphamvu yopanikiza), cha ma MGB oyambirira, chimakankhira kuwirako cha pa 110. Cha 13 psi chimafikitsa cha pa 118. Choncho kachitsekero kotsika mtengoka n'kofunika kwambiri. Labala wake akauma kapena sipuling'i ikafooka, madzi adzawira pa 98 pomwepo. Gulani chatsopano cha nambala yolingana ndi galimoto yanu. Musaike champhamvu kuposa pamenepo, chifukwa mapaipi okalamba amaphulika.

Musanamasule chilichonse, tsimikizani kuti geji ikunena zoona. Pemphani makaniko amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha mongoloza, ayeze pachitsulo pamene pakhala thermostat (kachipangizo kotseka ndi kutsegula njira ya madzi), injini itatentha. Pa ma MGB ena geji ndi yamagetsi ndipo imadalira kachipangizo kosunga mphamvu pa mavoti 10. Kakafa, geji ikhoza kuwerenga mopitirira injini ili bwinobwino. Ayezenso rediyeta yonse. Pamwamba payenera kutentha kuposa pansi pang'onopang'ono, koma mukapeza malo ozizira pakati, timapaipi tam'kati tatsekeka.

Nthawi imene kutentha kumakwera imakuuzani kumene kuli vuto. Kukamakwera mutaima n'kutsika mukuyenda, mphepo ndiyo ikuchepa. Dinani lamba wa fani ndi chala, injini itazima: azilowa mamilimita pafupifupi 12, osapitirira. Tsukani zipsepse za rediyeta ndi madzi osathamanga kwambiri, kuchokera kumbali ya injini kutulukira kutsogolo, chifukwa fumbi, njere za udzu ndi nkhungu za kunyanja zimamatirira pamenepo. Kukamakwera mukuthamanga, madzi ndiwo sakuyenda mokwanira: rediyeta yatsekeka ndi dzimbiri, mapiko a pampu adyeka, kapena paipi yapansi yafewa moti ikufinyika injini ikakoka. Onetsetsaninso tayimingi. Moto ukamachedwa, kapena makabuleta a SU akamapereka petulo wochepa, injini imatentha ngakhale rediyeta ikhale yatsopano.

Nkhani ya madzi tiinene mwamphamvu. Musathire madzi a pamjigo. Ambiri amakhala ndi mchere umene umaundana m'timapaipi, monga zimachitikira mu ketulo. Injiniyi imalowa malita pafupifupi 6. Thirani malita 2 a coolant (mankhwala osakaniza ndi madzi a mu rediyeta) ndi malita 4 a madzi oyeretsedwa aja amathira mu batire, osati asidi. Kuno madzi saundana ndi kuzizira, ndiye coolant timamufunira kuteteza dzimbiri, ndipo wochuluka kwambiri amachepetsa mphamvu ya madzi yonyamula kutentha. Sinthani pakatha zaka 2 zilizonse.

Kamuvi kakadutsa 105 muli panjira, tsegulani hita mpaka kumapeto kuti ichotseko kutentha kwa injini, ngakhale mutuluke thukuta, ndipo patukani. Ngati sikukutuluka nthunzi, isiyeni injini ilire pang'ono kuti madzi azizungulira. Ngati nthunzi ikutuluka, zimitsani. Musatsegule chitsekero mpaka mutatha kugwira paipi yapamwamba ndi dzanja, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yotentha, chifukwa silinda hedi yachitsulo imang'aluka. Thovu lotuluka mu rediyeta injini ikulira, oyilo woyererako pa chitsekero chake, kapena madzi ochepa tsiku ndi tsiku popanda podontha, zimenezo ndi zizindikiro za gasiketi yopsa, ndipo galimoto isayendenso mpaka itakonzedwa.

FUNSO: Makaniko wina wandiuza kuti kuno kotentha thermostat ndi yopanda ntchito, ndingoichotsa. Kodi n'zoona?
Mayi wa ku Nkhotakota

YANKHO: Ayi, mayi, musaichotse. Thermostat siziziritsa injini. Ntchito yake n'kutseka madzi mpaka injini itenthe msanga, kenako n'kutsegula. Ikatseguka yonse, ntchito yotsala ndi ya rediyeta. Mukaichotsa, injini imachedwa kutentha m'mawa, imamwa petulo wambiri, ndipo oyilo amada msanga. Pa injini zina zakale madzi amayambanso kudutsa njira yachidule osafika onse ku rediyeta.

Ngati mukuikayikira, iyeseni. Imangeni ndi kawaya, muilendewetse mumphika wa madzi osakhudza pansi, ndipo tenthetsani mukuyeza. Iyenera kuyamba kutseguka pafupi ndi nambala yolembedwa pathupi pake. Za MGB zimapezeka za madigiri 74, 82 ndi 88. Kuno kunyanja ikani ya 82 kapena ya 74. Ya 88 inapangidwira mayiko ozizira. Dziwaninso kuti ya 74 sidzachiritsa galimoto imene ikuwira kale, chifukwa pa madigiri 95 zonse ziwiri zimakhala zitatseguka mofanana. Poika yatsopano, mbali ya sipuling'i iloze pansi, ku injini, ndipo muike gasiketi yatsopano.