Kodi Pulezidenti angatulutse mwana wanu m'ndende? Yankho kwa mayi a ku Chamama

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga. Mwalongosola kuti mwana wanu wamwamuna anapezeka wolakwa pa mlandu woba ng'ombe pa bwalo la majisitireti pa Kasungu ndipo anagamulidwa kukakhala kundende zaka zinayi, pomwe msuweni wake, amene anagwidwa pambuyo pake, ali pa rimandi kudikira kuti mlandu wake uzengedwe. Mwatinso bambo wina wa kwanuko walonjeza kuti mukamupatsa ndalama akafikitsa kalata yanu ku nyumba ya boma, Pulezidenti n'kulamula kuti anyamata awiriwo atulutsidwe, ndipo mukufunsa ngati zimenezi n'zotheka.

Bamboyo musamupatse ngakhale tambala, chifukwa akukugulitsani mphamvu imene mwini mpandoyo alibe.

N'zoona kuti udindo wa Pulezidenti ndi waukulu. Gawo 78 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limati iye ndi mtsogoleri wa dziko, mutu wa boma komanso mkulu wa asilikali onse. Amasankha nduna ndi akazembe, amatsogolera mikumano ya nduna, amasainira mabilu kuti akhale malamulo, ndiponso atha kukhazikitsa komiti yofufuza nkhani imene yavuta m'dziko. Koma pafupifupi mphamvu iliyonse mwa zimenezi inaikidwa malire. Akakana kusainira bilu ayenera kuibweza ku Nyumba ya Malamulo ndi zifukwa zake, ndipo aphungu akaivomerezanso motsata ndondomeko, iye ayenera kusaina pasanathe masiku 21. Mkulu wa majaji amene wamusankha sayamba ntchito mpaka magawo awiri mwa atatu a aphungu amene avota atamuvomereza. Ngakhale mpandowo saukhalapo kupitirira materemu awiri otsatizana a zaka zisanu zisanu, ndipo mu 2002 bilu yofuna kuchotsa malire amenewa inakanika m'Nyumba ya Malamulo.

Sindikudabwa kuti mawu a bamboyo anakulowani m'mutu. Akuluakulu a ku Kasungu kuno akukumbukira nthawi ya mwana wa kwathu, Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anakhala Pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971, pamene munthu ankatha kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu n'kudzatuluka pa mawu a munthu mmodzi. Dongosolo limenelo linayamba kutha ndi riferendamu ya pa 14 June 1993. Amene analemba malamulo a 1994 anaika gawo 103, lomwe limati makhoti azigwira ntchito mosalamulidwa ndi munthu kapena ulamuliro wina uliwonse, ndi gawo 5, lomwe limati chilichonse chimene boma lachita chosemphana ndi malamulowa n'chopanda mphamvu. Zimenezi si zapapepala chabe. Pa 3 February 2020 majaji asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha Pulezidenti cha mu 2019, mtsogoleri amene analengezedwa kuti wapambana ali pampando, ndipo chisankho chinachitikanso pa 23 June chaka chomwecho. Ngati khoti lingagamule motero pa mpando wa Pulezidenti weniweniwo, n'zachidziwikire kuti iye sangaimbire foni majisitireti wa pa Kasungu kuti asinthe chigamulo.

Mphamvu imene ikukhudza mwana wanu ili mu gawo 89(2). Pulezidenti atha kukhululukira munthu amene khoti linamupeza kale wolakwa, kuimitsa chilango chake, kuchichepetsa kapena kuchichotsa, koma amachita zimenezi mokambirana ndi komiti yolangiza za kukhululukira akaidi. Chikhululukiro chotere kawirikawiri chimalengezedwa pa nyengo monga ya ufulu wodzilamulira pa 6 July, ya Pasaka kapena ya Khirisimasi, ndipo amene amaganiziridwa nthawi zambiri ndi akaidi a milandu yocheperako amene agwirako gawo lalikulu la chilango chawo ndipo asonyeza khalidwe labwino, komanso odwala kwambiri ndi okalamba. Ndi chifundo, si ufulu umene mkaidi angaumirire, ndipo sichigulidwa. Chimene chingamuike mwana wanu pa mndandanda umenewo ndi mbiri ya khalidwe lake imene oyang'anira ndende akusunga, choncho mukapita kukamuona ndi kaphoso, mukamuuze kuti apewe ndewu ndi kusamvera.

Kwa msuweniyo nkhani ya chikhululukiro palibe n'komwe, popeza sanapezeke wolakwa ndipo lamulo likumuonabe ngati wosalakwa. Mphamvu yothetsa mlandu umene uli m'khoti gawo 99 linaipereka kwa mkulu woimira boma pa milandu, amene ayenera kufotokoza zifukwa zake ku komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za malamulo. Chimene mnyamatayo angachite msanga ndi kupempha belo, pakuti gawo 42 limapatsa woganiziridwa mlandu ufulu wotulutsidwa pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Konzani abale awiri okhazikika, okhala ndi ziphaso za unzika, amene angamuimire ngati mboni za belo.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu n'chakuti simunatchule za apilo, pomwe masiku akutha mukusakasaka ndalama za bamboyo. Munthu wosakhutira ndi chigamulo cha majisitireti amachita apilo ku Bwalo Lalikulu, lomwe kwa ife a chigawo chapakati lili ku Lilongwe, ndipo lamulo limafuna kuti apereke chidziwitso cholembedwa pasanathe masiku 10 chigamulo chitaperekedwa. Ngati masikuwo adutsa, bwalolo lingalolebe apilo mukapereka chifukwa chomveka chimene munachedwera, koma mukachedwetsa kwambiri chifukwacho chimavuta kuchikhulupirira. Mwana wanu atha kupereka mapepala ake kudzera kwa mkulu wa ndende imene akusungidwa. Dziwaninso kuti ngati anavomera yekha mlanduwo m'khoti, apilo yake idzakhudza chilango chokha, ndiponso kuti Bwalo Lalikulu lili ndi mphamvu yoonjezera chilango, n'chifukwa chake m'pofunika loya awerenge kaye fayilo musanachite kanthu.

Pitani kwa kalaliki wa khoti limene linazenga mlanduwo mukapemphe nambala ya mlandu ndi kope la chigamulo, kenako mukaonane ndi a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lomwe limaimira anthu osatha kulipira loya. Potenga mapepalawo mukaonetsetse tsiku limene chigamulo chinaperekedwa, chifukwa loya aliyense adzayamba kukufunsani limenelo.