Nsomba ya ku Guangzhou inandiliza pagulu

Achemwali amene mukufunsa ngati n'kwabwino kudya m'timalesitilanti ta mabanja ku Guangzhou, ku China, mukapita kukaoda katundu, mwandikanda pachilonda.

Ine unali ulendo wanga woyamba, Okutobala 2018, nthawi ya chionetsero chachikulu cha malonda cha Canton Fair, mahotela atadzaza. Ndinkagona ku Xiaobei, dera lofikira anthu a ku Africa, ngati tonsefe. Masiku atatu oyamba ndinkangodya ma noodles a ng'ombe a Lanzhou kwa Asilamu aja a tizipewa toyera, kuopa kudya chinthu chosachidziwa. Tsiku lachinayi, titazungulira misika ya ku Sanyuanli mpaka mapazi kutupa, ajenti wanga anati, "Mayi, lero mukalaweko chakudya chenicheni cha pakhomo cha Matchaina." Mwana wakwathu konkuno, wolankhula Chichewa ngati ine ndi inu, amene ndinali nditamulipira kale ya sabata yonse.

Ananditengera m'kanjira kena kakumbuyo. Matebulo asanu okha, mipando yapulasitiki, agogo ali pakona kusadzula ndiwo, kamwana kakulemba homuweki, bambo ali kumoto, mayi pakauntala. Menyu yonse zilembo zawo zokhazokha, chithunzi palibe. Anabwera ndi ketulo ya tiyi wotentha ndi kabeseni kopanda kanthu. Ine ludzu litandigwira ndinathira m'kapu n'kumwa. Kumeneko tiyi woyambayo amayamba atsukira kapu, mbale ndi timitengo todyera, n'kukhuthulira m'kabeseni. Ajenti uja amadziwa. Anangondiyang'ana akumwetulira, osandiuza kanthu.

Ndiye pakhomo panali thanki yagalasi, nsomba zamoyo zikusambira. Analoza yaikulu. Ndinafunsa mtengo, anati 68 yuan. Ndinawerengera mumtima n'kuvomera. Anaivuula, kuiika pasikelo, mayi aja anandionetsa nambala akulankhula zawo, ajenti n'kugwedeza mutu m'malo mwanga, basi yapita kukhitchini.

Chilungamo, chakudyacho chinali chokoma. Nsomba yophika ndi nthunzi, pamwamba jinja ndi masamba a anyezi, atathira mafuta otentha ndi msuzi wa soya, mnofu wake wofewa woti chambo chathu chokha ndiye chingafanane nayo. Mazira okazinga ndi matimati, otsekemera pang'ono. Masamba onga tchayinizi wathu yemweyu, okazinga ndi adyo mwachangu, akadali obiriwira. Mbale zonse amaika pakati, aliyense ndi kambale kake ka mpunga. Ndinadya mpaka kuiwala kutopa.

Tikumaliza, foni ya ajenti uja inalira. Anaimirira, kunyamula jumbo imene anamupatsa pakauntala, nati akubwera pompano. Mphindi 20. Mphindi 40. Ola lathunthu. Anthu ena adya apita, ena alowa. Mayi aja anabwera ndi kapepala ndi kalkyuleta: 486.

Achemwali, thupi lonse linazizira. M'chikwama munali 200 yokha, zinazo ndinasiya kuhotela, za kago. Ndikuloza thanki, ndikulemba 68 pakalkyuletapo, iwo akufufuta n'kulemba 68 kuchulukitsa ka 4. Ndikulembanso 68, akufufutanso, mawu akukwera. Bambo aja anatuluka kukhitchini chikwanje chodulira nyama chili m'manja. Lero ndimadziwa kuti amangogwira ntchito yawo, koma panthawiyo miyendo inalobodoka. Tebulo lapafupi lonse linasiya kudya n'kumandiyang'ana, wakuda ndekha m'nyumba monse, ndikuoneka ngati wakuba wofuna kuthawa bilu. WhatsApp kumeneko sigwira popanda VPN. Pa WeChat, WhatsApp yawo ya kumeneko, ndikumuimbira, sakuyankha. Ndinalira, misozi yeniyeni, mayi wa ana atatu ine, ndili ndi shopu yangayanga.

Anandipulumutsa ndi mnyamata wawo wamkulu atafika ndi foni yomasulira. Ndi pamene ndinamva kuti 68 ija ndi mtengo wa jin imodzi, theka la kilogalamu, ndipo nsombayo inalemera ma jin 4. Tiyi amalipiritsa pamutu, mbale zokutidwa m'pulasitiki zija nazonso zili ndi kamtengo kake. Ndipo jumbo ija munali mabokosi atatu a nyama, amene ajenti anaoda pabilu yanga kukadya ndi anzake! Anthuwo sanandibere ngakhale yuan imodzi, zonse zinalembedwa pakhoma, kungoti ine sindiwerenga zilembo zawo. Mayi aja atamva nkhani yonse anandithirira tiyi, kundipatsa tishu, ndipo mnyamatayo anandiperekeza wapansi mpaka kuhotela kukatenga yotsalayo.

Koma iwe mnyamata iwe, ngati uli m'gulu muno ndipo ukuwerenga, ukudzidziwa. Mawa lake unabwera maso ali gwa, akuti panagwa za mwadzidzidzi kuweyahausi. Unamva mayi aja akunena za jin, chilankhulo umachidziwa, unakhala chete dala. Munthu wakwanu, wakudalira m'dziko la eni, n'kumusiya ngati chikole chifukwa cha mabokosi atatu a nyama? Ukanandipempha ndikanakugulira. Mpaka lero sindinakhululuke, ndipo ena amene anadutsa m'manja mwako anandiuza zawo.

Ndiye inu kadyeni ndithu, musadzimane, timalo timeneti ndi momwe muli chakudya chabwino komanso chotchipa kuposa chakuhotela. Musadalire ajenti, pitani nokha. Chabwino, tsiku loyamba tengani munthu wodziwa chilankhulo, koma ndalama ndi menyu zikhale m'manja mwanu. Chilichonse cha m'thanki, nsomba kaya nkhanu, funsani "duoshao qian", kutanthauza ndi zingati, alembe mtengo wonse pakalkyuleta asanaphe, chifukwa akapha ndi yanu. Ngati simudya nkhumba lembetsani papepala m'Chitchaina, poti amaithira ngakhale m'masamba ndi m'tofu, apo ayi khalani kwa Asilamu a ku Xiaobei. Mukaona ndi malo a anthu a ku Hunan kapena Sichuan nenani "bu la", kutanthauza chopanda tsabola, poti iwo tsabola amachulutsa. Alipay, yolipirira pafoni, ikani musananyamuke. Ndipo kathumba ka ufa ndi usipa musasiye, ine sindikweranso ndege popanda zimenezo.