Ikangokwana 2 koloko mutu umalemera, kodi ndi nsimayi?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimagulitsa kaunjika mu Limbe, ndimadzuka kusanache kuthamangira minibasi ndiye m'mawa ndimangomwa tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi awiri basi. Masana ndi nsima ya ufa woyera mitanda itatu kapena tchipisi ndi Fanta. Koma ikamati 2 koloko mutu umalemera, tulo tosaneneka, chenji ndikumasokoneza mpaka kasitomala kuchita kundikumbutsa. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 nayenso akuti zowerenga sizikulowa. Mnzanga wina akuti tigule mapilisi owonjezera nzeru. Kodi chakudya chimakhudzadi ubongo kapena ndi kukula chabe? — Mayi wa ku Bangwe

YANKHO: Mayi, ndalama ya mapilisiyo isungeni kaye, ili ndi ntchito ina pamsika pompo.

Ubongo ndi kanthu kakang'ono, makilogalamu pafupifupi 1.4, magawo 2 okha pa 100 a kulemera kwa thupi, koma pa mphamvu zomwe thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala phee iwo umatenga magawo 20 pa 100. Chakudya chake ndi shuga wa m'magazi uja a chipatala amati glucose, magalamu ngati 120 patsiku, ndipo ulibe nkhokwe yakeyake, umangodalira zomwe magazi abweretsa nthawi imeneyo komanso zomwe chiwindi chasunga. Musamve ngati ndikuti onjezerani masipuni mu tiyi ayi. Shuga ameneyu thupi limapanga lokha kuchokera ku nsima, mbatata, nyemba, nthochi, nkhani yagona pa liwiro lomwe akulowera m'magazi. Tiyi wotsekemera, mandasi ndi Fanta zili ngati moto wa mapesi, kuyaka lawilawi kenako phulusa, pomwe phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi makala a pambaula, limapita nanu mpaka masana.

Ndiye taonani tsiku lanu, m'mawa shuga wakwera msanga n'kutsikanso msanga, pofika 12 koloko njala yakupotokolani, mukudya mitanda itatu ndiwo zake kadontho, nanga tulo tilekerenji. Kunena chilungamo kusinza kwa masana kumabwera kwa aliyense, thupi linapangidwa choncho, makamaka munthu wodzuka mbandakucha ngati inu, koma chakudya cholemera chimawonjezera. Chotsani mtanda umodzi, malo akewo muikepo nyemba kapena usipa ndi masamba ambiri, ndipo madzi muzimwa, Limbe mwezi wa Okutobala si masewera.

Apa pali china chomwe anthu ambiri sachiganizira. Shugayo ngakhale afike bwino ku ubongo, kuti asanduke mphamvu pamafunika mpweya ndi mavitamini a gulu la B, makamaka B1, ndipo B1 wambiri amapita ndi gaga tikakonola chimanga, enanso n'kutsalira m'madzi oviikira mphale. Ndikudziwa ena mgaiwa amauona ngati ufa wa osauka, koma pa nkhani ya ubongo mgaiwa ndiye bwana. Chimanga chokhachokha nachonso chili ndi vuto lake, m'zaka za 1989 ndi 1990 anthu masauzande othawa nkhondo ku Mozambique omwe anali m'misasa kuno kumwera anadwala pellagra, nthenda yobwera posowa vitamini B3 yomwe imathetheula khungu, kutsegula m'mimba mpaka kusokoneza mutu, ndipo inakula kwambiri mtedza utasiya kufika pa chakudya chomwe ankalandira. Mtedza womwewu timaudutsa pamsika.

Za mtsikana wanuyo ine ndikanayamba ndi magazi. Atsikana akayamba kusamba ambiri amachepa ayironi (mchere wa m'thupi wothandiza kupanga magazi), mpweya wopita ku ubongo umachepa, mwana amangotopa, chizungulire, kuwerenga tsamba limodzi katatu. Mupite naye pa chipatala chapafupi akamuyeze, sizitenga nthawi. Kunyumba bonongwe, chisoso, nyemba, usipa wodya ndi mitu yomwe, chiwindi mukapeza kangachepe, ndipo tiyi asamamwere pa chakudya chifukwa amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, bola malambe kapena gwafa zomwe zimathandiza kuti alowe. Nsomba zilinso ndi mafuta a omega-3 omwe ubongo umamangira maselo ake. Mchere muzigula wa m'paketi wolembedwa kuti muli ayodini. Komanso asamapite kusukulu chimimba chili pululu, si pachabe a Mary's Meals anayamba kuphikira ana phala m'sukulu kuno ku Malawi mu 2002. Ndipo azigona, kuwerenga mpaka 1 koloko usiku miyendo ili m'beseni la madzi ozizira palibe chotsalira m'mutu.

Koma inuyo mayi, ngati pamwamba pa kutopako mukumamva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku kapena maso kuchita chifunga, musadikire, kayezetseni shuga ndi BP. Awiriwa amawononga timitsempha ta magazi ta mu ubongo mwakachetechete mpaka sitiroko.

FUNSO: Kutchalitchi kwathu timasala kudya masiku atatu, kumwa madzi okha. Ubongo sungawonongeke ndi njala? — Bambo wa ku Ndirande

YANKHO: Kwa munthu wamkulu wathanzi yemwe akumwa madzi, ayi bambo. Shuga wosungidwa m'chiwindi amatha pakapita pafupifupi tsiku limodzi, kenako chiwindi chimapanga wina pang'ono komanso chimaphwanya mafuta a m'thupi n'kutulutsa zotchedwa ma ketone zomwe ubongo umatha kugwiritsa ntchito, nchifukwa chake mutu umapweteka poyamba kenako n'kumapepukirako. Koma ngati mumabaya insulin kapena kumwa mankhwala a shuga musayerekeze musanafunse adokotala, shuga akatsikitsa munthu amanjenjemera, kuyankhula zosamveka mpaka kukomoka. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asalowe nawo m'gululi, abusa amvetsa.