Yochanan sankafuna mnzake wongovomereza

Mphunzitsi wina wa kusekondale wanditumizira imelo kufunsa ngati havruta, njira ya Ayuda yophunzira awiriawiri, ingatheke m'kalasi mwake. Akuti ana akawaika m'magulu amangosokosa. Aphunzitsi, mwandigunda pachilonda.

Ndili kukoleji ya zauphunzitsi, m'gulu lathu tinalimo asanu ndi atatu. Wolemba anali mmodzi, mtsikana wa zilembo zokongola. Enafe tinkakamba za mpira, iye akamaliza kuwerenga n'kumuombera m'manja. Malikisi tinapeza abwino. Ndime yomwe tinapatsidwa ndinaiiwala kalekale, chomwe ndimakumbukira ndi cholembera chofiira chomwe chinkatha inki. Chomvetsa manyazi n'choti nditayamba ntchito, zomwezo ndinawachitira ana a eni ake kwa zaka zitatu.

Havruta ndi mawu a Chiaramu, ochokera ku liwu lotanthauza bwenzi. Mu beit midrash, nyumba yophunziriramo, anthu awiri amatenga ndime imodzi ya Talmud (mabuku akale a malamulo ndi zokambirana za aphunzitsi achiyuda), kuiwerenga mokweza, kufunsana, kutsutsana. Phokoso limakhalamo ladzaoneni, ndiye phokoso la ana anulo lisakuopseni. Talmud imagwiritsanso ntchito Miyambo 27:17, ya chitsulo kunola chitsulo, ponena za ophunzira awiri otere.

Koma yomwe imandisowetsa mtendere ndi nkhani ya mu Talmud ya Rabbi Yochanan, mphunzitsi wamkulu wachiyuda. Mnzake Reish Lakish atamwalira, aphunzitsi anzake anamutumizira Elazar ben Pedat, yemwe pa chilichonse chomwe Yochanan wanena ankangopeza umboni womuikira kumbuyo. Yochanan anadandaula kuti malemuyo ankamutsutsa ka 24, iye n'kuyankha ka 24, nkhani n'kumveka bwino. Elazar ameneyo ndine. Ndife ambiri. Tinaleredwa kuti kutsutsa munthu pamaso ndi mwano, ndiye timangoti “zoona, zoona”, zotsutsazo n'kukanenera kuseri. Pamaphunziro, ulemu umenewu ndi ulesi basi, ndipo wina asandiuze kuti ndi chikhalidwe.

Muyambe ndi aphunzitsi

Ku Brandeis University, ku America, Orit Kent ndi Elie Holzer, pofufuza za havruta, anayamba ndi anthu omwe ankaphunzira zauphunzitsi mupulogalamu ya DeLeT. Ankawakhazika awiriawiri pa ndime, n'kumawajambula pavidiyo. Kent anapeza kuti ntchitoyi ili ndi mbali zisanu ndi imodzi zoyendera limodzi ziwiriziwiri: kumvetsera ndi kufotokoza, kudabwa ndi kulunjika pamfundo, kuthandiza mnzako ndi kumutsutsa. Mphunzitsi amene sanalaweko kuwawa kotsutsidwa ndi mnzake pa chiganizo chimodzi angaphunzitse bwanji ana zimenezi? Kukoleji kuja palibe anatitsutsapo, nafenso sitinatsutsane.

Ndiye aphunzitsi, yesani kaye ndi mnzanu mu staff room. Kenako ana awiriawiri, ndime ya mizere isanu pabolodi, mphindi khumi. Mmodzi anene zomwe wamva, winayo abwereze mawu a mnzake asanamutsutse, ndipo aliyense aloze ndi chala mawu omwe akumuikira umboni. Anzawo musamawasinthe mpaka teremu ithe.